Katemera wa Korona kwa Mayi Woyembekezera ndi Woyamwitsa

Kabuku aka talembera mabanja a m'chigwa cha kunyanja m'boma la Dedza, kwa Kachindamoto: a ku Mua, a ku Golomoti, a ku Mtakataka, olima mpunga ku Bwanje ndi a m'madoko momwe. Nkhani yake ndi ya mayi woyembekezera ndi mayi woyamwitsa, koma kwathu kuno mayi sagamula yekha za pakati pake. Pamakhala mawu a bambo a m'nyumba, a agogo, a apongozi, a anankungwi, mwinanso a mwini mbumba. Choncho kabukuka kawerengedwe mokweza pakhonde, onsewa ali pomwepo.

Mutu wa nkhani ndi uwu: mayi woyembekezera atha kubayitsa katemera wa Covid-19 kaya pakati pake ndi pa miyezi ingati, ndipo woyamwitsa atha kubayitsa osamuchotsa mwana kubere ngakhale tsiku limodzi.

Kodi korona sinathe kale?

Pa 5 Meyi 2023 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti Covid-19 sikuwerengedwanso ngati mliri wofunika kuthamangira mwadzidzidzi. Ambiri tinamva ngati akuti nthendayo yatheratu, ndipo zophimba kukamwa zinasanduka zopukutira thukuta. Koma kachilombo kake kakadalipo. Kamasinthasintha maonekedwe, kamabwera ngati chimfine ndi chifuwa, ndipo ambiri kamangowapepula n'kupita. Amene kamawagwetsabe ndi omwe aja: okalamba, odwala shuga, othamanga magazi, amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika, ndi amayi oyembekezera.

Tisaiwale msanga kumene tachokera. Odwala oyamba m'Malawi anapezeka ku Lilongwe pa 2 Epulo 2020. Mu Januwale 2021 nthendayi inalusa kwambiri, moti pa 12 mwezi umenewo nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Katemera woyamba, wa AstraZeneca, anafika pa 5 Malichi 2021, wokwanira kubaya maulendo 360,000, ndipo pa 11 Malichi Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anabayitsa ku Zomba anthu akuonerera. Kenaka kunabwera wa Johnson & Johnson, pambuyo pake wa Pfizer. Ena mwa makatemera oyamba aja sakupangidwanso, ndiye musavutike ndi kuloweza mayina. Amene alipo panopa akuuzani ndi anamwino kusikelo.

Chifukwa chake mayi wapakati amatchulidwa mwapadera

Mayi aliyense amene anayendapo ndi mimba ya miyezi isanu ndi itatu padzuwa la Okutobala ku Golomoti akudziwa mmene mpweya umaperewera. Kuchoka pamjigo kufika kunyumba wapumira kawiri. Si ulesi. Chiberekero chikamakula chimakankhira m'mwamba zonse za m'mimba, mapapo n'kukhala ndi malo ochepa otambasukira, pamene thupi likufuna mpweya wambiri kuposa kale chifukwa likupumira anthu awiri. Magazi amachuluka, mtima umagwira ntchito yowirikiza, ndipo magaziwo sachedwa kuundana. Chitetezo cha m'thupi nachonso chimasintha kagwiridwe ka ntchito kuti chisalimbane ndi mwana.

Korona imakonda mapapo omwewo amene apanikizika kale. N'chifukwa chake kafukufuku wa m'mayiko ambiri anapeza kuti mayi woyembekezera akaidwala amatha kudwalika kwambiri kusiyana ndi mnzake wa msinkhu womwewo amene alibe pakati. Chibayo chimamugwira msanga, ndipo nthawi zina amafunika kumuika pa mpweya wa okosijeni. Mwana amatha kubadwa masiku asanakwane, ndipo ena amafera m'mimba. Ngoziyi imakula m'miyezi itatu yomaliza, makamaka kwa mayi wa zaka zopitirira 35, wonenepa kwambiri, wa shuga, wothamanga magazi, kapena amene ali ndi HIV koma sakumwa bwino ma ARV.

Tsono ganizirani kumene tikukhala. Mayi akayamba kubanika pakati pa usiku m'mudzi wa kufupi ndi nyanja, mwezi wa Febuluwale, Namikokwe atadzaza, msewu uli thope lokhalokha, mumunyamula bwanji? Njinga yamoto mwina ikafika ku Mua kapena pachipatala chaching'ono cha Mtakataka. Zikavuta pamenepo, ulendo ndi wa ku chipatala cha boma ku Dedza, kukwera zitunda zokhotakhota za Khwekhwerere mpaka ku Masasa, munthu akupuma mwabefu. Wa m'tauni atha kunena kuti adzaona akadzadwala. Ife mtunda sutilola kulankhula choncho.

Katemerayu amachita chiyani m'thupi?

Mu katemera mulibe kachilombo ka korona kamoyo koti n'kudwalitsa mayi kapena mwana. Amangoonetsa thupi maonekedwe a timinga tomwe tili pakhungu la kachilomboko, monga mmene mlenje amanunkhizitsira galu wake kachikopa ka gwape kuti tsiku losaka asadzasokere. Thupi likatizindikira timingato limapanga asilikali ake, ndipo pakatha milungu iwiri asilikaliwo amakhala atakhwima. Zimene zinabayidwa zija thupi limaziphwanya n'kuzichotsa. Chotsala ndi chitetezo.

Tinene chilungamo: wobayitsa atha kudwalabe korona. Katemera satseka khomo kotheratu. Ntchito yake yaikulu ndi yoti nthenda ikabwera isafike pogoneka munthu m'chipatala kapena kumupha.

Pali phindu lina limene agogo ayenera kulimvetsa, chifukwa likukhudza mdzukulu. Asilikali amene thupi la mayi lapanga amadutsa mu nsengwa ndi mumchombo kukafika kwa mwana, makamaka m'miyezi yomaliza. Mwana amabadwa ali nacho kale chitetezo chomuthandiza m'miyezi yake yoyamba, nthawi imene iye mwini sangabayidwe, poti palibe katemera wa korona wa khanda losakwana miyezi 6. Izi si zachilendo kwa inu amayi akuluakulu. Katemera wa kafumbata amene mwakhala mukubayitsa kusikelo zaka zonsezi amayenda njira yomweyi: jakisoni pamkono wa mayi, chitetezo kwa mwana. Amene anaona makanda akuuma nsagwada n'kumwalira asanatuluke m'chikuta angachitire umboni kuti masiku ano zimenezo zachepa.

Zimene zikukambidwa pamjigo ndi pachigayo

*"Poyamba paja ankati apakati asabayitse. Lero zasintha bwanji?"*

Funso ili ndi lanzeru, ndipo wolifunsa asanyozedwe. Pamene makatemerawa ankayesedwa koyamba mu 2020, amayi oyembekezera sanaikidwe m'gulu la oyesedwa, monga zimakhalira ndi mankhwala atsopano ambiri. Choncho kumayambiriro kwa 2021 azaumoyo ankazengereza kaye, poti umboni unali usanakwane. M'chaka chomwecho amayi apakati ochuluka zedi m'mayiko osiyanasiyana anabayitsa, makamaka katemera wa Pfizer ndi wa Moderna, ndipo madokotala anawatsatira mpaka kuchira, n'kuona ana awo. Sanapeze kuti obayitsa akupita padera kapena kubereka ana olumala kuposa osabayitsa. Malangizo anasintha chifukwa umboni unapezeka. Mu 2023 bungwe la WHO linaika amayi oyembekezera m'gulu loyenera kuganiziridwa poyamba, ndipo linalangiza kuti mayi azilandira jakisoni mmodzi pa pakati paliponse.

*"Uje anabayitsa, patangotha mwezi anapita padera."*

Kupita padera n'kowawa, ndipo mtima wa munthu umafuna pogwira. Koma tikumbuke kuti kunalipo korona isanabwere. Mwa mimba 10 zilizonse zodziwika, imodzi kapena ziwiri zimachoka zokha, kawirikawiri m'miyezi itatu yoyamba. Pakati pa amayi ambiri obayitsa, ena adzapita padera ndithu, monganso ena mwa osabayitsa. Kwathu kuno zochotsa mimba zodziwika bwino ndi malungo, chindoko chosachizidwa, kuchepa kwa magazi ndi kuthamanga kwa magazi. Zonsezi amaziyeza kusikelo. N'zomvetsa chisoni kuti mayi wina amathawa sikelo yonse poopa jakisoni mmodzi, n'kuphonya mankhwala a zinthu zimene zikanamupweteketsa zenizeni.

*"Akufuna tisamabereke."*

Mphekesera iyi inayenda kwambiri pa WhatsApp. Yang'anani m'mudzi mwanu momwemo: amayi ndi abambo amene anabayitsa mu 2021 ndi 2022, kodi sanaberekenso? Kafukufuku anapeza zomwezo, kuti katemera sachepetsa mphamvu yobereka ya mwamuna kapena mkazi. Choona n'chakuti amayi ena amaona kuti masiku awo osamba asuntha pang'ono mwezi umene abayitsa, kenaka n'kubwerera mwakale. Amene akufuna kutenga pakati asadikire chifukwa wabayitsa, ndipo amene wazindikira kuti ali ndi pakati atabayitsa kale asade nkhawa.

*"Si uja anamutentha ku Lilongwe?"*

Inde. Pa 19 Meyi 2021, ku chipatala cha Kamuzu Central, nduna ya zaumoyo ya nthawiyo, mayi Khumbize Kandodo Chiponda, inatsogolera kutentha katemera wa AstraZeneca wokwanira kubaya maulendo 19,610 chifukwa masiku ake anali atatha. Anachitira poyera dala, kuti anthu aone kuti wotha ntchito sabayidwa munthu. Nanunso muli ndi ufulu wopempha namwino kuti akuonetseni tsiku lolembedwa pakabotolo.

Za mphekesera yoti katemerayu ndi chizindikiro cha 666 sititalikitsa. Chikhulupiriro cha munthu n'chake, koma mu jakisoniyu mulibe chizindikiro, mulibe kachipangizo, mulibe maginito. Akatolika a ku Mua angakumbukire kuti Papa Francis anabayitsa mu Januwale 2021 ndipo analimbikitsa anthu kutero.

Tsiku la sikelo

Yambani sikelo msanga, miyezi itatu isanathe. Tikudziwa mwambo wobisa pakati mpaka pataonekera, poopa maso a anthu, koma namwino si munthu wofalitsa nkhani. Masiku ano mayi amayembekezeka kuonana ndi azaumoyo maulendo 8 asanachire. Dyani kanthu musananyamuke, tengani madzi akumwa, buku lanu la kuchipatala, ndi kakhadi ka katemera wa korona ngati munabayitsapo kale. Ngati kanatayika kapena kanadyedwa ndi chiswe, pitanibe, mukangofotokoza chaka chimene munabayitsa.

Pamzere pamakhala anthu ambiri ndipo anamwino amakhala otanganidwa, ndiye nkhani ya katemerayu mwina sangaiyambe okha. Iyambeni ndinu. Safunsa anadya phula. Mutha kunena kuti, "Anesi, ndimafuna ndifunse nawo. Katemera wa korona ndinabayitsa kamodzi, mwana uyu ndisanamuyembekezere. Kodi pano alipo, ndipo ndibayitsenso?" Musachite manyazi kufunsanso ngati simunamvetse.

Namwino asanakubayeni, muuzeni zinthu izi:

- ngati jakisoni wina anakutupitsanipo nkhope kapena milomo, kapena kukubanikitsani;
- ngati thupi likutentha tsiku limenelo, poti wodwala amayamba wachira kenaka n'kubayitsa;
- ngati munadwalapo matenda oundana magazi, kapena mukumwa mankhwala ena alionse, a kuchipatala ngakhale azitsamba.

Katemerayu sasemphana ndi Fansida woteteza malungo, mapiritsi owonjezera magazi, kapena ma ARV. Pitirizani kumwa zonsezi monga mwa masiku onse. Atha kuperekedwanso tsiku limodzi ndi wa kafumbata, wina mkono uwu wina mkono uwo. Mukabayidwa musathamangire kabaza. Khalani pabenchi mphindi zosachepera 15, chifukwa vuto la thupi kukana mankhwala, ngakhale limachitika mwa apo ndi apo kwambiri, limaonekera m'mphindi zoyambazo, ndipo mankhwala ake ali pomwepo. Onetsetsani kuti alemba tsiku ndi dzina la katemera m'buku mwanu.

Mukafika kunyumba

Mkono umalemera ndi kuwawa pamene abayapo. Ena amamva kuphwanya m'thupi, mutu, kutopa, kapena kutentha thupi pang'ono. Zimenezi zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Pumulani, imwani madzi ambiri, ndipo ngati thupi latentha imwani panado monga akuuzirani kuchipatala. Musagule bulufeni, indosidi kapena asipulini pagolosale, chifukwa mankhwala amenewa si oti mayi wapakati azingomwa popanda dokotala. Pobayidwapo musatemerepo mphini kapena kupakapo zitsamba.

Apa pali msampha umene ife a kunyanja tiyenera kuusamala kuposa anzathu a kumtunda kozizira. Zizindikiro za pambuyo pa katemera zimafanana ndi chiyambi cha malungo: mutu, kuphwanya m'thupi, kuzizidwa. Kuno udzudzu suona nyengo, makamaka pafupi ndi minda ya mpunga ndi m'madambo. Mayi atha kugona masiku atatu akudziuza kuti "ndi jakisoni uja," pamene malungo akumudya magazi ndipo akufooketsa mwana m'mimba. Choncho lamulo likhale ili: mayi woyembekezera akatentha thupi kwambiri, akamanjenjemera, akamasanza, kapena kutentha kukapitirira tsiku lachiwiri, akayezetse malungo tsiku lomwelo. Kuyeza kwake ndi kadontho ka magazi a pachala, ndipo zotsatira zimatuluka musanachoke. Usiku uliwonse agone m'neti, kaya kwatentha chotani.

Thamangirani kuchipatala, usiku kapena usana, osadikira kuti kuche, mayi akaona chimodzi mwa izi, kaya anabayitsa kaya sanabayitse:

- kubanika kapena kupweteka pachifuwa;
- kutaya magazi kapena madzi kumaliseche;
- mutu waukulu wosamva panado, kuona zinthu mwachimbuuzi, kapena kukomoka;
- kutupa nkhope ndi manja, kapena mwendo umodzi kutupa ndi kuwawa;
- kupweteka kwambiri m'mimba;
- mwana kusiya kapena kuchepetsa kugunda.

Makatemera a AstraZeneca ndi Johnson & Johnson anapezeka kuti kwa anthu ochepa kwambiri amayambitsa kuundana kwa magazi pakati pa masiku 4 ndi 30 chibayireni. Zizindikiro zake zili kale pa mndandandawu. Mukafika kuchipatala tchulani tsiku limene munabayitsa.

Mayi woyamwitsa

Nkhani ya woyamwitsa ndi yosavuta. Bayitsani m'mawa, mwana ayamwe pabenchi pomwepo. Palibe chifukwa chofinyira mkaka pansi, palibe masiku odikira, ndipo mkaka suuma kapena kusasa chifukwa cha katemera. Mu mkaka wa mayi wobayitsa mumapezeka asilikali olimbana ndi korona. Ngati mwayi unakuphonyani muli woyembekezera, funsani pamene mwapita kukaonedwa mutachira, kapena pa sikelo ya mwana ya milungu 6.

Choopsa chenicheni ndi kumuchotsa mwana kubere. Agogo ena, mwa chikondi chawo, amati mwana ayambe wamwa madzi kapena phala lamadzimadzi mpaka "mankhwala atuluke m'thupi mwa mayi ake." Chonde agogo, musatero. Khanda losakwana miyezi 6 likamwa madzi a pachitsime kapena a m'nyanja limatsegula m'mimba, ndipo kolera ya mu 2022 ndi 2023 inationetsa zimene madzi a m'mbali mwa nyanja angachite. Miyezi 6 yoyamba mwana ayamwe mwakathithi, bere lokha, kuyambira ndi mkaka woyamba wachikasu uja. Akayamba kudya zina apitirize kuyamwa mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira.

Ngakhale mayi atadwala korona yeniyeniyo, asasiyanitsidwe ndi mwana wake. Asambe m'manja ndi sopo asanamugwire, aphimbe mphuno ndi pakamwa poyamwitsa, asamutsokomolere, ndipo mazenera akhale otsegula. Ngati wafooka moti sangathe kumunyamula, afinyire mkaka m'kapu yotsukidwa bwino, wina amumwetse. Mwana wobadwa masiku osakwana apitirize kufungatiridwa pachifuwa, khungu kukhudzana ndi khungu, monga anamwino amaphunzitsira.

Kwa inu abambo

Nthawi zambiri chifuwa chimalowa m'nyumba ndi munthu woyendayenda: wochokera kudoko, ku msika wa pa Golomoti, m'minibasi za pa msewu wa M5, kapena wotsika basi kuchokera ku Joni. Mayi woyembekezera amakhala ali pakhomo, nthenda n'kumupeza pamphasa. Mukabwera ndi chimfine kapena chifuwa, gonani padera masiku angapo ndipo khanda musalipsompsone. Ngati m'nyumbamo muli agogo okalamba kapena wina wa shuga, nawonso afunse za katemera wawo.

Mawu akuti "mkazi wanga sabayitsa zimenezo" ndi osavuta kunena pabwalo la bawo. Musanawanene, mupite naye kusikelo kamodzi, mukafunse nokha mafunso onse amene akukuvutani, ngakhale aja mumachita nawo manyazi. Mukamva mayankho, mayiyo apatsidwe mpata wonena maganizo ake, pakuti thupi ndi lake ndipo wobanika adzakhala iyeyo. Katemerayu sakakamizidwa, ndipo mayi amene sanabayitse ali ndi ufulu wolandira chithandizo chonse cha kusikelo ndi cha pochira ngati wina aliyense.

Ntchito ina ya abambo ndi yokonzeratu ulendo. Mukagulitsa mpunga kapena usipa, patulani ndalama ya mafuta a njinga yamoto, muisunge posiyana ndi ya ndiwo. Sungani nambala za foni za anthu awiri a njinga, chifukwa mmodzi foni yake imakhala yothima tsiku lomwe mukumufuna. Ngati kwanu n'kutali kapena kutsidya kwa mtsinje, ndipo masiku ochira akugwera m'dzinja, mayi apite kukadikirira kuchipatala mwezi wachisanu ndi chinayi ukangoyamba.

Mukapeza kuti katemera palibe

Katemera wa korona sapezeka paliponse tsiku lililonse monga zinalili mu 2021 ndi 2022, pamene azaumoyo ankayenda ndi mabokosi ozizira m'misika, m'matchalitchi ndi khomo ndi khomo. Amafuna furiji, ndipo kabotolo kamodzi kamakhala ka anthu angapo, kakatsegulidwa sikachedwa kutha mphamvu. Mukauzidwa kuti lero palibe, funsani tsiku limene abwere kapena chipatala chimene ali naye, ndipo muuzeni mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu kuti akudziwitseni akafika. Mutha kuimbanso ku Chipatala cha pa Foni pa nambala yaulere ya 929. Musalole munthu woyenda ndi chikwama kukubayani kunyumba kapena pamsika n'kukulipiritsani, pakuti katemera wa boma ndi waulere ndipo amabaya ndi azaumoyo odziwika. Podikirapo, sikelo isaduke: Fansida, mapiritsi a magazi, katemera wa kafumbata ndi kuyezetsa kuthamanga kwa magazi zipitirire pa masiku amene analembedwa m'buku.